KAJAMBULIDWE KA MWEZI

Ambiri a inu mwayesa kujambula mwezi, koma cimene cioneka pa cithunzi ndi kadontho koyera mbee, kopanda mapiri ndi zigwa zace.

Cifukwa cace ndi ici. Kamera ikaona thambo lakuda iyesa kuti kuunika kwacepa, ndipo itsegula diso lace nthawi yaitali. Koma mwezi suli mumdima iai. Ngakhale uli kutali makilomita 384,000, dzuwa limene liuwalira ndi lomwelo limene liwalira thanthwe la pabwalo masana. Cotero muujambule monga cinthu ca masana. Amuna amene anatera pa mwezi m'caka ca 1969 anatero ndi makamera ao a Hasselblad: anachera citseko pa 1/250.

Tsono musalole kamera kudzisankhira yokha. Mwezi ukakhala wathunthu, cherani cibowo ca kuunika pa f/11, ISO pa 100, ndi citseko pa 1/125. Ukakhala theka kuwala kwace kucepa, ndipo muyenera kukulitsa cibowo kufika pa f/8 kapena f/5.6. Ine ndikonda mwezi watheka koposa, pakuti pamalire pa kuwala ndi mdima mithunzi ionetsa maenje bwino lomwe. Amene mujambula ndi foni, khudzani mwezi ndi cala, nimutsitse kuwala kufikira mawanga aoneke.

Nyengo nayo muiganizire. Kuyambira May kufikira July thambo la ku Copperbelt liyera. Koma mu September ndi October utsi wa lupsa ndi pfumbi zidetsa mwezi, makamaka pamene ungoturuka kumene. Onjezani kuunika, kapena dikirani ukwere.

Pokhapo pamene mwezi wagwidwa, monga pa 27 July 1918 kuonjeza zaka zana, ndiko kuti 2018, pamene unafiira kwa ora limodzi ndi mphindi 43, malangizo awa sagwira nchito. Pamenepo mwezi uli mu mthunzi wa dziko, ndipo ufuna sekondi yathunthu kapena kuposa. Ikani kamera pa miyendo itatu, ndipo musapitirire kwambiri, popeza mwezi uyenda mtunda wolingana ndi kukula kwace pa mphindi ziwiri zokha.