Kutupa Mimba Si Pathupi Nthawi Zonse

Achinyamata anzathu, mtsikana wa kuno ku Kaseye akayamba kutupa mimba, tonse tikudziwa zomwe zimanenedwa pa mjigo: "Wapatsidwa ameneyo." Akakana timati ngwabodza. Komatu nthawi zina mwana wa eni ake amakhala akunena zoona.

Mkazi aliyense ali ndi matumba awiri a mazira, lina kumanja lina kumanzere kwa chiberekero. M'thumbamo mukhoza kumera chotupa. Zotupa zambiri si khansa ayi, koma ulipo mtundu wina wa khansa womwe umakonda atsikana ndi amayi osafika zaka 30. Umakula msanga. Mimba imatupa, m'chinena mumapweteka, ukadya pang'ono wakhuta kale. Chomvetsa chisoni n'chakuti zotupa zina zimanamiza ngakhale kachipangizo koyezera mkodzo kaja, n'kuonetsa ngati mtsikanayo ndi woyembekezera. Chomwe chimathetsa mkangano ndi sikani.

Tsono funso lomwe ambiri amaopa kufunsa ndi ili: "Kodi akandichita opaleshoni ndidzabereka?" Kawirikawiri inde. Khansa imeneyi imakonda kugwira thumba limodzi, choncho madokotala amachotsa lomwelo n'kusiya linzake pamodzi ndi chiberekero. Thumba limodzi ndi lokwanira kutenga pathupi. Mankhwala a m'dripi amathothola tsitsi ndipo msambo ukhoza kuima kwa miyezi ingapo, koma kwa ambiri umabwerera. Ikapezeka msanga, thandizo n'kulandiridwa lonse, atsikana 9 mwa 10 alionse amachira.

Tisanamizane, ikafalikira kwambiri nthawi zina amachotsa zonse. N'chifukwa chake muziuza adokotala opaleshoni isanachitike kuti mukufuna kudzabereka. Musachite manyazi, ndi thupi lanu. Mukachira musathamangire mimba pofuna kutseka anthu pakamwa. Gwiritsani ntchito njira yolera mpaka adokotala atakulolani.

Ngati muli pa ma ARV, musasiye ngakhale tsiku limodzi, ndipo auzeni adokotala mankhwala omwe mukumwa. Dziwaninso kuti kuyezetsa khomo la chiberekero komanso katemera wa HPV, yemwe boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019, n'zothandiza pa khansa ya khomo la chiberekero. Ya m'thumba la mazira ndi ina.

Poyambira ndi pachipatala cha mishoni cha Kaseye kapena ku boma ku Chitipa. Iwo akakayikira amatumiza ku Mzuzu Central, mwinanso mpaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ndi kutali, ndipo thiransipoti si yamasewera. Kalabu yanu ikhoza kusonkherana, wina n'kumuperekeza mnzanuyo.