Mwana Akagwa Mumtengo wa Mango, Cigongono Cisathowedwe

Mwezi wa Novembala ukangolowa, mango amayamba kupsa m'midzi yonse ya kwa Kalindawalo, kucokera ku Petauke mpaka ku Nyimba. Ana athu sadikira kuti zipatsozo zigwe zokha. Amakwera, ndipo tonse tidziwa kuti nthambi ya mango sicedwa kukhadzuka. Akuluakulu nawonso nyengo yomweyi amakhala pa kalikiliki wa ulimi: ngolo za ng'ombe zimagubuduzika, njinga zonyamula feteleza zimaterereka m'matope. Motero sabata sipita osamva kuti mwana wa auje wathyoka dzanja, kapena kuti bambo wina phewa laguluka.

Lero tifuna tikambirane za zimene timacita pakhomo munthu akangovulala, makamaka pa cigongono, cimene ena amati kasukusuku. Mwambo wathu ndi kufunditsa madzi, kuthowa potupapo, kutikita mwamphamvu ndi kukoka dzanja kuti fupa libwerere m'malo. Ena amatema mphini, kupaka mankhwala ndi kumanga timabango ndi luzi. Amene amacita zimenezi ndi agogo, amalume ndi azakhali okonda mwanayo, ndipo sitikuwanyoza. Koma madotolo a mafupa akhala akucenjeza kwa zaka zambiri kuti cigongono cothowedwa ndi kukokedwa mwamphamvu cimatha kuuma mpaka kalekale.

Cifukwa cake n'cakuti thupi la munthu limatha kumera fupa pamalo pamene sipayenera kukhala fupa. Mfundo ikavulala, minofu yozungulira imang'ambika ndipo magazi amaundana mkati. Thupi limatumiza tizinthu take tokonza bala. Nthawi zambiri timakonza bwino, koma nthawi zina timasokonezeka ndi kuyamba kuumba fupa mkati mwa mnofu. Pa Cizungu vutoli dzina lake ndi heterotopic ossification. Kutikita ndi kukoka kumang'amba mnofu umene unayamba kupola, magazi amatulukanso, ndipo mpata woti fupa losafunikalo limere umakula. Poyamba pamangotupa ndi kutentha. Pakapita masabata 3 mpaka 6, X-ray imayamba kuonetsa mtambo woyera pafupi ndi mfundo. Pakatha miyezi, mtambowo umasanduka fupa lenileni lolimba, limene limachinga cigongono ngati mwala woikidwa kuseri kwa citseko.

Taganizirani mwana amene cigongono cake ca kumanja sicipindika. Sangafikitse mbamu ya nsima pakamwa, sangasambe kumaso bwino, kulemba kusukulu kumavuta, ndipo akakula khasu kapena pulawo sangazigwire monga anzake. Kwa ife alimi, dzanja ndiye cuma.

Nkhaniyi si yatsopano kwa akatswiri. M'caka ca 1918 madotolo awiri a ku France, Augusta Dejerine-Klumpke ndi André Ceillier, analemba za asilikali a nkhondo yoyamba ya dziko lonse amene anavulala msana, kenaka mafupa n'kumera m'minofu ya m'ciuno ndi m'maondo. Mu 1965 dotolo wa ku America, Marshall Urist, anatenga tizidutswa ta fupa, n'kutisungunula mcere wake wolimbitsa, ndi kutiika m'minofu ya akalulu. Patapita masabata, m'minofumo munamera fupa latsopano. Apa ndi pamene anazindikira kuti m'thupi muli zinthu zimene zimalamula mnofu kupanga fupa, ndipo zinthuzo lero zidziwika ndi dzina lakuti BMP. Mu 2006 akatswiri a pa University of Pennsylvania anapeza cibadwa cimene cimayambitsa nthenda yosowa kwambiri ya FOP, imene minofu ya mwana imasanduka fupa pang'onopang'ono, ndipo kugunda kulikonse kumaonjezera vutolo. Kafukufuku yenseyu akutiphunzitsa cinthu cimodzi: mnofu wovulala ufuna mtendere, osati kuusautsa.

Madotolo ali ndi njira zocepetsera vutoli. Kwa odwala ena amene acitidwa opaleshoni ya m'ciuno kapena ya cigongono, amapereka mankhwala oletsa kutupa monga indomethacin. Fupa losafunikalo likamera kale, palibe mankhwala akumwa kapena opaka amene angalisungunule. Cimene cimatsala ndi opaleshoni yolicotsa, ndipo madotolo amayamba adikira miyezi ingapo kuti likhwime. Opaleshoni yotere ifuna katswiri wa mafupa, ndipo ngakhale itayenda bwino, cigongono sicibwerera nthawi zonse mmene cinalili.

Pali ngozi inanso yoopsa kuposa imeneyi, ndipo imabwera mofulumira. Mwana wa zaka 5 mpaka 7 akagwa atatambasula dzanja, kawirikawiri fupa limathyoka pamwamba pang'ono pa cigongono, pafupi ndi mtsempha waukulu wa magazi. Dzanja likatupa ndipo ife n'kulimanga zolimba ndi luzi kapena mphira, magazi amaleka kuyenda. M'maola 6 mpaka 8 minofu imayamba kufa. Zotsatira zake ndi zala zopindika ngati za nkhwazi zimene siziwongokanso. Dotolo wa ku Germany, Richard von Volkmann, analongosola kupuwala kumeneku mu 1881, ndipo anaonetsa kuti kumanga kothina ndiko kumakuyambitsa. Zikafika poipa, dzanja limada ndi kuwola, ndipo ku cipatala amangolidula kuti apulumutse moyo.

Nanga tizicita ciani munthu akavulala? Coyamba, dzanja lisawongoledwe ndiponso lisakokedwe. Lisiyeni mmene lilili, likolekeni m'khosi ndi citenje, kapena ligonekeni pa katoni yopinda ndi kumanga mosathinitsa. Vulani mphete ndi zibangili dzanja lisanatupe. Ngati pali bala ndipo fupa likuoneka, phimbani ndi nsalu yoyera yocapa bwino. Musaikepo masamba, phulusa kapena ndowe, cifukwa zimabweretsa mafinya m'fupa ndi nthenda ya kafumbata. Wovulalayo musamudyetse nsima panjira, popeza mwina ku cipatala adzafunika kumugoneka ndi mankhwala. Ndipo nyamukani tsiku lomwelo.

Zizindikiro izi zikaoneka, musadikire kuti kuce: zala kuzizira, kutuwa kapena kuda, dzanzi, kulephera kugwedeza zala, ndi ululu umene ukungokulirakulira, makamaka wina akayesa kutambasula zalazo. Zimenezi zikhoza kucitika ngakhale mwana atamangidwa pulasitala ku cipatala. Zikatero bwererani naye msanga akamasule.

Ambiri timacedwa cifukwa ca mtunda, ndalama ya galimoto ndi nchito ya kumunda. Timati tiyeni tione kaye mawa. Koma masiku amawerengedwa. Cigongono kapena phewa loguluka, tsiku loyamba dotolo amalibweza m'mphindi zocepa. Pakapita masabata atatu, minofu imakhala itauma ndipo nthawi zambiri pamafunika opaleshoni. Fupa la mwana limagwirana msanga, motero likasiyidwa lokhota limapola lokhota. Akuluakulu anati mtengo umawongoledwa ukali waung'ono, ndipo ndi mmene lilili fupa lothyoka.

Thandizo lilipo pafupi kuposa kale. Kuyambira mu 2006 boma linacotsa malipiro m'makiliniki a m'maboma a kumidzi, motero poyambira ndi pa kiliniki yanu, kumene angakulembereni kalata yopita patsogolo. Ku Petauke kuli Kalindawalo General Hospital ndi cipatala ca mishoni ca Minga, ku Nyimba kuli cipatala ca boma, ndipo ku Katete kuli St Francis. Zovuta kwambiri zimatumizidwa ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kucokera ku Petauke, ku UTH kapena ku Beit CURE, cipatala ca ana cimene cinatsegulidwa mu 2006 ndipo cimathandiza ana opunduka mafupa. Kusowa kwa akatswiri a mafupa kumidzi ndi vuto lakale m'dziko lathu. Ndi cifukwa cake mu 1982 Professor John Jellis anayamba nchito ya FlySpec, youlutsa madotolo pa ndeke yaing'ono kupita nawo ku zipatala zakutali. Koma ngakhale katswiri wotani, nchito yake imapepuka wodwala akafika msanga ndipo dzanja lisanasautsidwe.

Pulasitala ikacotsedwa, pali colakwa cina cimene timacita ndi mtima wabwino. Poona kuti cigongono sicikutambasuka, timapatsa mwana ndowa ya madzi kapena mwala kuti azinyamula, kapena bambo amamukoka dzanja m'mawa uliwonse mwana akulira. Kumeneku ndi kuvulazanso mnofu, ndipo kungaitane fupa losafunika lija. Cigongono ca mwana cimamasuka cokha pang'onopang'ono pamene akudya, kuvala ndi kusewera, ndipo zimatenga masabata kapena miyezi. Akuluakulu atsate zimene a physio a ku cipatala awaonetsa, kupinda ndi kutambasula okha mpaka pamene ululu wayambira, osapyola.

Ife a m'mipingo tili ndi mbali yathu. M'miphakati, m'mabungwe a amai ndi m'makalabu a alimi timasonkha ndalama za maliro ndi za mbewu. Tingathenso kupatula kathumba ka ulendo wa ku cipatala, ndi kugwirizana pasadakhale kuti njinga yamoto kapena ngolo ya ndani idzanyamula wovulala usiku. Akatekisiti, abusa, aphunzitsi ndi anyakwawa angalengeze uthengawu mango asanapse. Kwa asing'anga athu amene anthu amawakhulupirira, pempho lathu ndi lakuti mwana wotupa cigongono akafika pakhomo panu, mutumizeni ku cipatala tsiku lomwelo kuti akajambulidwe. Ndipo kwa makolo, ndodo yaitali yokhala ndi ngowe imathyola mango bwino lomwe mwana ali pansi. Tiyeni tiwasemere ana athu ndodo zimenezi mwezi wa Okutobala usanathe.