Udzudzu wa matabwa wotera pathebulo ku Lusaka

Mu Lusaka ukatchula udzudzu, anthu amaganiza za neti, malungo ndi usiku wosagoneka wa m'dzinja. Koma ulipo udzudzu wina umene umabwera m'katoni uli zidutswazidutswa za pulasitiki, mwini wake n'kutha masabata akuulumikiza pathebulo lodyera, kaya ku Woodlands kaya ku Chelstone. Umenewu ndi Mosquito, ndege yankhondo ya ku Britain ya kampani ya de Havilland, imene inayamba kuuluka pa 25 Novembala 1940. Dzinalo likutanthauza udzudzu, ndipo linaiyenera: mitundu ina ya ndegeyi inkaluma usiku.

Chodabwitsa chake n'chakuti thupi ndi mapiko zinali za matabwa. Zitsulo zinali zosowa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, choncho akalipentala opanga mipando ku High Wycombe ndi m'matauni ena ndiwo ankamata zigawo zake, poika mtengo wopepuka wa balsa wochokera ku Ecuador pakati pa matabwa opyapyala. Inali ndi mainjini awiri a Rolls-Royce Merlin, inkathamanga kuposa makilomita 600 pa ola, ndipo zonse pamodzi anapanga 7,781. Yosaka usiku, ya mtundu wa NF.II, inayamba ntchito mu 1942. Munkakhala anthu awiri moyandikana: woyendetsa, ndi mnzake amene maso ake sankachoka pa galasi la rada, kufunafuna ndege za Germany zobwera kudzaponya mabomba mumdima.

Rada imeneyi inali chinsinsi chachikulu. Woyendetsa ndege wa ku Britain John Cunningham, amene anagwetsa ndege 20, pafupifupi zonse usiku, ankatamandidwa m'manyuzipepala kuti ali ndi maso amphaka chifukwa chodya karoti wambiri. Boma linaisiya nkhaniyo kuti ifale, pofuna kubisa makina amene anali m'ndege yake ya Beaufighter. Amayi okakamiza ana kudya karoti mpaka lero sadziwa kuti akuthandiza kusunga bodza la nkhondo.

Ndiye zitheka bwanji kuti chilombo chotere chikwane pathebulo? Yankho lili pa nambala yolembedwa pakatoni, kawirikawiri 1/72. Chilichonse chimachepetsedwa ka 72. Mapiko a Mosquito anali mamita 16.5 kuchokera nsonga ina kufika ina. Pa kandegeka ndi masentimita 23 basi, ndipo woyendetsa amatalika masentimita awiri ndi theka. Muyeso umenewu ndi wakale: kampani ya Frog inayamba kugulitsa tindege ta pulasitiki ta 1/72 mu 1936, kenako Airfix n'kuufalitsa m'zaka za m'ma 1950. Lero Tamiya ya ku Japan ndi Revell zimapanganso. Mu Lusaka makatoni otere sapezeka wamba; ambiri amabwera m'chikwama cha wachibale wochokera ku Johannesburg kapena London, ena amaitanitsidwa pa intaneti.

Ntchito imayambira m'kati, pamene anthu sadzaonapo bwino. Mipando, chiwongolero ndi kabokosi ka rada zimapakidwa penti zisanatsekeredwe m'thupi. Chidutswa chilichonse chimadulidwa ndi lezala pa kafelemu kake, n'kupalidwa ndi sandipepa wosalala. Guluu wake si womata chabe: amasungunula pulasitiki kuti mbali ziwiri zikhale chimodzi. Ukamuchulutsa, chala chimasiya chidindo pa phiko mpaka kalekale, ndipo kadontho kamodzi kakagwera pa galasi la woyendetsa, galasilo limachita khungu. N'chifukwa chake odziwa amamutapa ndi nsonga ya singano, ndipo zigawo amazipana ndi mapegi a zovala kuti ziume zili phee.

Pa penti m'pamene ndege ya usiku imavutitsa. Munthu angaganize kuti yakuda ndi yosavuta, koma kandege kopakidwa penti wakuda bii kamangooneka ngati khala. Aluso amasakanizamo wotuwa pang'ono, n'kuwalitsa pamwamba pa mapiko, n'kulemba mwaye kumbuyo kwa mapaipi a utsi. Eni ake enieni nawonso penti wakudayu anawakhumudwitsa. Anali wokhakhala moti ankachepetsa liwiro, ndiponso kumwamba usiku sikuda kwenikweni, choncho ndege yakuda inkaoneka ngati chithunzithunzi. Chakumapeto kwa 1942 anasintha, n'kuyamba kupaka wotuwa ndi wobiriwira.

Nyengo ya Lusaka nayo ili ndi zonena zake. Fumbi la mu Ogasiti limakonda penti wamuwisi, ndiye kandege kamavundikiridwa ndi beseni kakangopakidwa. Mu Okutobala penti amauma pa bulashi asanafike pa phiko. Magetsi akazima madzulo, wanzeru amangotseka botolo n'kudikira m'mawa, chifukwa kuwala kwa kandulo kumanamiza mtundu.

Nkhondo ya ndegeyi si yachilendo kwenikweni kuno. Asilikali a kuno a Northern Rhodesia Regiment anakamenya ku Burma, ndipo dzina la Arakan Barracks ya mu Lusaka limakumbutsa dera la kumeneko. Ku India ndi ku Burma komweko, mu 1944, mapiko a ma Mosquito ena anamatuka m'mwamba. Poyamba anthu analoza chala kutentha ndi chinyezi, koma kufufuza kunapezanso kuti ena anamatidwa molakwika kufakitale. Aliyense amene kandege kake kanathothoka phiko angamve bwino nkhaniyi.

Mu Lusaka momwemo, mumsewu wotchedwa Burma, muli Kabwata Cultural Village, m'tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu timene boma lachitsamunda linamangira antchito, kumene lero amisiri amasema ndi kugulitsa. Luso lochepetsa zinthu zazikulu mzindawu uli nalo kale. Mwana wopinda galimoto ya waya, n'kumanga mfundo zake ndi malegeni, n'kuika zitsekerero za mabotolo kukhala magudumu, amayeza ndi diso. Wa katoni amayeza ndi lula. Kunena zoona, wa wayayo ndiye ali ndi ntchito yaikulu, popeza alibe pepala lomuuza kuti chidutswa 14 chikhale pa 15.

Awiriwa amakumana pa mphuno ya NF.II. Pamenepo pamakhala mlongoti wa rada wooneka ngati mutu wa muvi, ndipo wa pulasitiki ndi wonenepa kuposa muyeso, komanso umathyoka munthu akangoukhudza ndi dzanja la malaya. Ambiri amautaya. Amasenda chingwe chakale cha magetsi, n'kusolola ulusi umodzi wa kopa, n'kuuwongola poupukusa pansi pa lula, n'kuupinda ndi kapani ka nsidze. Kopa ndiye chuma chimene migodi ya ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya inkatumiza ku Britain pa nkhondo yomweyo.