Kodi Tiwonjezere Mankhwala Achiwiri a Chithokomiro?

Sewero litatha, omvera ena omwe chithokomiro chawo chimagwira ntchito mofooka anafunsa kuti: "Timamwa levothyroxine tsiku lililonse koma kutopa sikutha. Kodi tiwonjezere liothyronine?"

Levothyroxine ndi T4. Thupi, makamaka chiwindi ndi impso, limasandutsa T4 kukhala T3, yomwe imagwira ntchito. Liothyronine ndi T3 yomweyo. Choncho anthu ambiri levothyroxine yekha amawakwanira.

Yambani mwadzifunsa:

1. Kodi mumamwa m'mawa, mphindi 30 musanadye?
2. Kodi pamadutsa maola 4 musanamwe mapiritsi owonjezera magazi?
3. Kodi munayezetsa TSH ndi kuchuluka kwa magazi?

Liothyronine akachuluka amathamangitsa mtima ndi kufooketsa mafupa. Amayi oyembekezera asamwe. Dokotala wa matendawa yekha ndiye angakupatseni, mongoyesa kwa miyezi 3 mpaka 6. Musagule nokha.