Mtsempha wa kuchiwindi suyenda njira imodzi mwa tonse

Aliyense amene anatumbulapo mbuzi, kaya pa Mponela kaya kumapiri a Ntchisi, amadziwa kuti chiwindi sichichoka chokha. Pali mtsempha wonenepa wochilumikiza ku matumbo, ndipo ukaudula magazi akuda amakhuthuka. Nafenso anthu tili nawo. Madokotala amautcha portal vein. Kutalika kwake ndi masentimita 8 chabe, koma umanyamula pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magazi olowa m'chiwindi, limodzi ndi chakudya chimene matumbo ayamwa.

Mwa anthu ambiri umayambira kuseri kwa chifu, pamene mtsempha wochokera ku matumbo umakumana ndi wochokera ku kapamba, ndipo ukafika pachiwindi umachita mphanda ziwiri. Koma mwa munthu mmodzi pa asanu alionse, mwinanso kuposa, mapu ake ndi ena. Ena mphanda zimakhala zitatu. Ena nthambi yopita kumbuyo kwa chiwindi imapatuka msanga payokha. Mwa apo ndi apo mtsemphawu umadutsa kutsogolo kwa chiyambi cha matumbo m'malo mwa kumbuyo. Zonsezi zimapangika mwana ali m'mimba: poyamba mitsempha imakhala iwiri yolumikizana, kenaka mbali zina zimatsekeka, ndipo sizitsekeka mofanana mwa aliyense.

Amenewa si matenda, ndipo ambiri amakalamba osadziwa. Vuto limadza pa opaleshoni. Dokotala wochotsa ndulu kapena wodula mbali ya chiwindi akangodalira chithunzi cha m'buku, atha kumanga nthambi yolakwika kapena kuboola pamene sanayembekezere mtsempha. Choncho wodwala wotumizidwa kuchoka pachipatala cha Dowa kupita ku Kamuzu Central asamadandaule akauzidwa kuti ayambe wajambulidwa m'mimba. Si kuchedwetsa dala ayi.

Chimene chimawonongadi mtsemphawu kwathu kuno ndi likodzo la m'matumbo, lija timalitenga m'madzi a nkhono kudambo ndi kumadimba. Mazira a nyongolotsi zake amatsakamira m'tinthambi ta mtsemphawu, chiwindi n'kuchita zipsera, magazi n'kusowa podutsa. Kapamba amatupa, mimba imadzaza madzi, ndipo tsiku lina munthu amangosanza magazi, abale n'kuthamangira kwa sing'anga. Mankhwala ake, praziquantel, ndi omwe aja ana amalandira kusukulu, ndipo amathandiza kwambiri zipsera zisanakhwime.