Nchito ya Mlembi wa Kanema

Anzanga a ku migodi ndi a m'makomboni, ambiri a inu muganiza kuti kanema abadwa pamene wojambula anyamula kamera. Iai, abadwira papepala. Ophunzira akapatsidwa nchito yopanga kanema waufupi kuti aphunzitsi awayese nayo, mmodzi wa iwo asankhidwa kukhala mlembi, ndipo anzake onse ayembekeza iye.

Tsamba limodzi la zolemba zake likhala ngati mphindi imodzi ya kanema. Motero kanema wa mphindi 10 afuna masamba 10 okha. Mlembi sangalembe kuti mai uja ali ndi nkhawa, pakuti kamera siona mumtima. Alemba kuti mai awerenga ndalama zake kawiri pamsika wa Chawama, nabweza tomato mmodzi. Ayeneranso kudziwa malo: wolemba za ku Kanyama akumbukire kuti mu Januwale madzi a mvula adzaza njira, ndipo anzake adzabvutika ndi katundu. Mau naonso akhale a m'komboni. Mnyamata wa ku Matero salankhula Cinyanja ca m'buku conga canga cino.

Rungano Nyoni, wobadwira mu Lusaka, asanatsirize kulemba I Am Not a Witch, kanema wa 2017, anakakhala ku Ghana pamudzi wa akazi onenezedwa ufiti, kuti aone ndi maso ake. Mu 2018 analandira mphotho ya BAFTA ku London.

Cobvuta kwa mlembi wa pasukulu ncakuti woyesa aona kanema wotha kale, umene wotsogolera wadulamo zina. Cifukwa cace asunge zolemba zake zoyamba, azipereke pamodzi ndi kanemayo, kuti cimene cinali cake cidziwike.