Wothandiza Odwala m'Chipatala

Tikamva mawu akuti chipatala, ambirife timaganiza za dokotala ndi namwino basi. Koma aliyense amene anagonekedwapo m'chipatala adziŵa kuti pali munthu wina amene amakhala pafupi ndi wodwala nthaŵi yaitali kuposa aŵiriŵa. Ameneyu ndiye wothandiza odwala. Ku America amamutcha patient care technician, ndipo kumeneko amaphunzitsidwanso kutenga magazi ndi kuyeza mtima ndi makina. Kuno kwathu mbali yaikulu ya ntchitoyi imagwera abale odikirira matenda, amene timawatcha magadiyani.

Kodi ntchito yake njotani? Amasambitsa wodwala, kumdyetsa, kumsinthira zofunda ndi kumperekeza kukadzithandiza popanda kumchititsa manyazi. Wophunzitsidwa bwino amayeza kutentha kwa thupi, kumene kwa munthu wosadwala kumakhala pafupi ndi madigiri 37. Amaŵerenganso kugunda kwa mtima, kumene kwa wamkulu wopumula kumakhala pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi imodzi. Akaona chachilendo amauza namwino msanga, pakuti kulamula mankhwala si udindo wake ai.

Ntchito ina yooneka yopepuka, koma yopulumutsa moyo, ndiyo kutembenuza wodwala. Munthu akagona mbali imodzi nthaŵi yaitali, magazi sayenda bwino pamene fupa lapanikiza khungu, makamaka m'chiuno, kumunsi kwa msana ndi pazidendene. Pamenepo pamabuka zilonda zovuta kupola, ndipo zikaloŵa tizilombo zingathe kupha munthu amene matenda ake enieni anali kutha. Nchifukwa chake wodwala wosatha kudzuka ayenera kutembenuzidwa maola aŵiri aliwonse, usana ndi usiku.

Tisaiŵalenso kusamba m'manja. M'chaka cha 1847, ku Vienna, dokotala Ignaz Semmelweis analamula anzake kusamba m'manja ndi madzi a mankhwala asanakhudze amayi oyembekezera, ndipo imfa za amayiwo zinachepa kwambiri.

Tsono makolo anzathu, tisaseke mwana amene wasankha ntchito imeneyi, ngati kuti ndi ya olephera sukulu. Imafuna mtima woleza, maso akuthwa ndi pakamwa posunga chinsinsi. Ndipo ikafika nthaŵi yathu yodikirira matenda, tifunse anamwino atiphunzitse kutembenuza ndi kusambitsa wodwala wathu. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.